Anesi a Akangaude

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake anthu a kuno kunyanja amanditchula kuti Anesi a Akangaude, chonsecho ntchito yomwe ndinalembedwa inali ya unamwino ndi uzamba. Ena amakuuzani kuti ndinkaweta akangaude m'nyumba, ena amati ndinali ndi mankhwala achikuda. Ndati ndilembe ndekha pano ndapuma pa ntchito, maso akadaona, kuti mumve kwa ine mwini.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kufupi ndi Khombedza

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, mtunda wa ola limodzi pa njinga kuchokera pa Khombedza. Ndinafika ndi sutikesi, mbaula ya palafini ndi mayunifolomu awiri. Mkulu wa pamalopo anali a Kamwendo, bambo wa imvi amene anthu onse ankawatchula kuti adokotala ngakhale iwo ankakana dzinalo. Anali munthu wosakonda kulankhula, koma sankalola wodwala kutuluka asanamufunse zonse. Zipangizo zinali zosowa. Masingano a jekeseni tinkawiritsa n'kugwiritsanso ntchito mpaka abunthe, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati malaya a ana, ndipo mankhwala akatha pakati pa mwezi tinkangodikira galimoto ya ku boma.

Nthawi ya dzinja, anthu akamapalira m'minda, ankabwera ambiri atatupa dzanja kapena phazi, n'kumati walumidwa ndi kangaude. A Kamwendo ankafunsa funso limodzi: "Mwamuona?" Ambiri ankayankha kuti ayi, angoganiza. Tsiku lina anatopa nazo n'kuuza anthu onse amene anali pa mzere kuti, "Chikakulumani, mukachipha musamataye. Muzibwera nacho kuno." Anthu anamvera. Anayamba kubwera ndi tizilombo m'mabokosi a machesi, ena atakulunga m'tsamba la chimanga. A Kamwendo ankangoyang'ana n'kutaya, koma ine ndinaona kuti n'kuwononga. Ndinayamba kutsuka timabotolo ta penisilini totha, n'kuthiramo sipiriti pang'ono, n'kuikamo kachilomboko. Pa botolo ndinkamata pulasitala n'kulembapo mudzi, mwezi ndi zimene zinamuchitikira munthuyo.

"Anambewe," anatero a Kamwendo tsiku lina atandipeza ndikulemba, "boma linakutumizani kuno kudzathandiza amayi, si akangaude." Ndinachita manyazi. Koma m'mawa mwake ndinapeza timabotolo tisanu totsukatsuka pa tebulo langa, atandiikira a Kamwendo omwewo.

Kangaude amene ankabwera kawirikawiri m'machesi muja anali wofiirira, wa miyendo italiitali ndi mizere pamsana. Ndinkamudziwa kwawo. Kuseri kwa chipinda cha amayi kunali kanjira ka ku mjigo, ndipo m'mawa mame akagwa udzu wonse unkaoneka ngati wina wayalapo timipango toyera. Kampango kalikonse kanali ukonde, ndipo pakona pake pankakhala dzenje lolowa pansi, lofanana ndi fanelo yothirira palafini m'nyali. Mwini wake amakhala m'dzenjemo, nkhope ili kunja. Ndinkatenga kaudzu n'kugwedeza ukondewo pang'ono, iye n'kutuluka liwiro, akaona kuti si chiwala n'kubwerera mkati. Ukonde wake sumata ngati wa akangaude a m'nyumba. Kachilombo kakagwerapo kamangopunthwa, mwini wake n'kukapeza kasanadzuke. Anthu ankamunamizira zambiri chifukwa ndi amene ankaoneka. Koma pa mabotolo anga onse a mtundu umenewu mawu anali amodzi: kunyerenyetsa, kutupa pang'ono, wachira mawa lake. Nanenso anandilumapo pa chala ndikumutola. Chinanyerenyetsa mpaka masana, n'kutha.

Zaka za m'ma 1990, Senga Bay

Atandisamutsira ku Senga Bay ndinali nditakwatiwa ndi bambo anu, ndipo mabotolo anali atadzaza katoni ya sopo. Kumeneko ntchito inali ina. Kunali asodzi, amayi ogula usipa ochokera kutali, ndi alendo a m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja.

Tsiku lina cha m'ma teni m'mawa inafika galimoto ikuliza hutala. Antchito a pa malo ena ogona alendo anatsitsa mayi wachizungu atamunyamula. Mwendo wake unali utakulungidwa bandeji yothina kuyambira ku zala mpaka m'ntchafu, n'kumangirira ku thabwa. Mwamuna wake anali atagwira tambula yovundikira ndi kapepala, m'kati muli kangaude. Tinalankhulana m'Chingerezi.

"Ndaponda ukonde wa fanelo m'kapinga, kangaude wake n'kundiluma," anatero mayiyo. "Muli ndi mankhwala ake? Ndili ndi nthawi yochepa."

Ndinayang'ana m'tambulamo n'kuona mnzanga wa m'kanjira ka ku mjigo uja. "Mayi, uyu sapha munthu," ndinatero. Sanandikhulupirire. Ndinatuma mlonda wa pachipatala kukatenga katoni ija kunyumba, n'kuyala mabotolo pa bedi. Ndinamuwerengera mapulasitala limodzi ndi limodzi. Kenako ndinati, "Tikhale pano maola awiri. Mukayamba kumva chachilendo, ndikukwezani ndekha galimoto."

Tili chidikirire anandifotokozera chifukwa cha mantha ake. Anali wa ku Australia, kufupi ndi mzinda wa Sydney. Kwawoko, anati, kuli kangaude wakuda wonyezimira ngati nsapato yopolisha, amene amakumba una m'dothi lachinyontho pansi pa miyala ndi zipika, n'kuyala ulusi pakhomo pake ngati fanelo. Wamkazi sachokachoka pa una. Wamwamuna ndiye amayendayenda nthawi yotentha mvula ikagwa, kufunafuna wamkazi, ndipo amalowa m'nyumba ndi m'nsapato. Mano ake amatha kuboola chikhadabo. Akaluma, pasanapite nthawi munthu amayamba kutuluka dovu ndi misozi, minofu imanjenjemera yokha, mpweya umavuta. Mankhwala othetsa ululu wake asanapezeke, ana ankafa nawo. Mwana aliyense kwawoko amaphunzitsidwa kumanga bandeji mmene iye anamangira.

Maola awiri atatha tinamasula mwendo. Panali kachizindikiro kofiira ngati ka nyerere. Anaseka, kenako analira, kenako anapempha kuti aonenso mabotolo aja.

Patatha miyezi ingapo ndinalandira phukusi ku positi. Munali kabuku ka zithunzi za akangaude a kwawo. Ndinakawerenga konse. Ndinaphunziramo kuti kangaude woopsa uja amapezeka chakum'mawa kwa dziko lawo lokha, kuno kulibe, ndipo si m'bale wa wathu wa muudzuyu. Amangofanana mayalidwe a ukonde. Choncho munthu akadzakuonetsani chithunzi pa foni n'kumati kangaude wa fanelo wakupha wafika ku Salima, musadzataye tulo.

Koma tsamba limene linandigwira mtima linali lina. Panali kangaude wamng'ono wakuda, wa mimba yobulungira ngati batani la jekete, wokhala ndi banga lofiira pamsana. Bukulo linati abale ake ali m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Africa. Linati polumidwa sipaoneka kwenikweni, koma ululu umakwera m'thupi, munthu amatuluka thukuta lambiri, minofu imakokana, ndipo mimba imatha kuuma gwa mpaka achipatala n'kuganiza kuti thumbo laphulika. Ndinakatsegula katoni. Ndinali nawo atatu a mtundu umenewo. Pa mapulasitala awo ndinali nditalemba ndi dzanja langa: thukuta, kukokana, mimba youma, wachira tsiku lachitatu kapena lachinayi. Nthawi imeneyo ine ndi a Kamwendo tinkati ndi malungo aakulu angokumanizana ndi kulumidwako. Ndinafuna kuwalembera kalata, koma anali atamwalira chaka chapitacho.

Zaka za m'ma 2000, kumpoto kwa Lifuwu

Malo anga omaliza anali chipatala chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, kupitirira minda ya mpunga. Ndinali nditakula. Mkulu wathu anali a Nyirenda, mnyamata wanzeru amene anali atangogwira ntchito zaka ziwiri. Ankandilemekeza, ankanditchula kuti Mayi, koma za akangaude ankaziona ngati chibwana cha nkhalamba. Dzinja likafika msewu unkaduka ndipo ambulansi ya ku boma sinkafika. Tinali ndi njinga yamoto yokhala ndi kabedi pambali, yonyamula wodwala mmodzi. Mwezi umene ndikunenawu petulo amene anatsala anali wa ulendo umodzi wokha.

Linali Lachiwiri, mvula itavumba masiku atatu. M'mawa kunabwera mayi wina dzina lake Aginesi, wa mimba yachiwiri, matenda atamuyamba kunyumba. Nditamuyeza ndinapeza kuti mwana wapingasa, ndipo posakhalitsa dzanja la mwanayo linatsogola. Zikatero palibe chimene mzamba angachite pa chipatala ngati chathu. Pamafunika opaleshoni, ndipo kuchedwa kumang'amba chiberekero. Ndinauza dalaivala kuti alize njinga.

Tikumukonzekera Aginesi, panja panamveka phokoso. Amuna anayi anali atanyamula msodzi wina, Fakisoni, pa chitseko. Ankabuula, malaya ali chonyowa ngati wagwa m'madzi. Pambuyo pawo panali bambo ake, a Mkwanda, mwini maukonde ambiri pa dooko lija komanso wapampando wa komiti ya chipatala chathu. Ndi iwo amene anasonkhanitsa njerwa zomangira nyumba yodikirira amayi. A Nyirenda anamugoneka Fakisoni, n'kugwira mimba. Inali youma ngati thabwa.

"Thumbo laphulika," anatero a Nyirenda. "Ameneyu apite ku Salima pompano."

"Njinga ndi ya Aginesi," ndinatero. "Dzanja la mwana lili kunja."

Onse awiri anali oyenera kupita, ndipo kabedi kanali kamodzi. A Mkwanda analowa mpaka m'chipinda. "Adokotala anena kale," anatero. "Mayiyo adikire. Amayi akhala akubereka pano zaka zonsezi."

Ndinapempha kuti ndimuone Fakisoni mphindi zochepa. Thupi silinali lotentha. Ankagubuduzika, kupinda miyendo n'kuitambasula, pamene munthu wophulika thumbo amagona duu, safuna ngakhale bedi ligwedezeke. Nditadina mimba n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi, ululu sunawonjezeke. Zikope zinali zotupa. Ndinafunsa mkazi wake zimene ankachita m'mawawo.

"Amamata phula bwato lakale lija linavundikiridwa kuyambira chilimwe," anatero. "Analowa pansi pake. Atatuluka anati china chawabaya pa ntchafu, ngati munga. Kenako anayamba kudandaula msana."

Ndinakweza kabudula. M'kati mwa ntchafu munali kadontho kofiira kochepa kwambiri, ndipo khungu lozungulira linali lonyowa kuposa pena ponse. Mwanabele wa m'mphechepeche ankapweteka.

Ndinawakokera a Nyirenda pakhonde. "Uyu walumidwa ndi kangaude wakuda wa batani," ndinatero. "Avutika masiku awiri kapena atatu, koma ndi mnyamata wamphamvu, achira. Aginesi sangafike madzulo."

"Mwamuona kangaudeyo, Mayi?"

"Sindinamuone."

"Ndiye mukuti ndisiye munthu wa mimba youma chifukwa cha kadontho? Mukalakwitsa, afera m'manja mwathu, bambo ake akuona."

"Ndikalakwitsa mulembe dzina langa, ndisayina. Koma mukatumiza Fakisoni, ine ndikhala ndi mayi amene ndikudziwa kuti afa. Pamenepo palibe kuganizira."

A Mkwanda anali atatitsatira. Anandiuza mawu ambiri amene sindiwalemba pano. Anati ndine mayi wamisala wosewera ndi tizilombo, anati mwana wawo akafa ndisadzagone m'mudzi umenewo. Abale awo anaima mozungulira njinga. Tinakangana pafupifupi theka la ola. Musaganize kuti ndinali wotsimikiza. Ndinali ndi mabotolo atatu ndi tsamba limodzi la buku. Pomaliza ndinalowa m'chipinda, ine ndi mayi ake a Aginesi tinamunyamula, n'kudutsa naye pakati pa amuna aja. Palibe anatigwira. A Nyirenda anayang'ana pansi, kenako anauza dalaivala kuti, "Pitani." Anasayina okha kalata yotumizira wodwalayo, sanalole kuti ndisayine ine.

Mankhwala othetsa ululu wa kangaude ameneyo tinalibe, ndipo sindinawaonepo pa chipatala chilichonse chimene ndinagwirapo. Tinamuika Fakisoni dripi, tinkamubaya jekeseni yochepetsa ululu ndi ina yofewetsa minofu, n'kumamuyeza kuthamanga kwa magazi ola lililonse. A Nyirenda ankabwera kudzagwira mimba mobwerezabwereza. A Mkwanda anayala mphasa pakhonde pamodzi ndi abale awo, ndipo ndikamadutsa sankandiyankha moni. Lachitatu masana zinafika poipa. Fakisoni ankalira kuti mapazi akuyaka, ndipo anasanza kawiri. Ndinapita kuseri kwa chipatala, ndinaima pamenepo n'kupemphera, n'kubwerera. Lachinayi m'mawa ndinamupeza atakhala tsonga. Mimba inali itafewa. Anandifunsa ngati kuli tiyi.

Tsiku lomwelo ndinapita ku dooko ndi mkazi wake. Asodzi anatembenuza bwato lija. M'kona ya kumutu munali ukonde wosalongosoka, wolimba, ndi timipira toyera tosalala ta mazira, tonga nsawawa. Pafupi pake panali mwini wake, wakuda, banga lofiira lili pamsana. Asodzi onse anadzaunjikana kudzaona. Ambiri anati amamuona kawirikawiri pansi pa mathandala oyanikira usipa ndipo sankadziwa kuti ndi woopsa. Iwo ankaopa wa muudzu uja.

A Mkwanda anabwera kunyumba kwathu Lamulungu atachoka ku tchalitchi. Anakana mpando, anangokhala pansi pakhondepo. "Anesi," anatero, "ndinalankhula zoipa pamaso pa anthu. Ndabwera kuti ndipepese, ndipo ndikanenanso pa msonkhano wa komiti, pomwe anthu aja adzamve." Anachitadi zimenezo. Analamulanso kuti bwato lililonse lokhalitsa lizitembenuzidwa ndi kusesedwa munthu asanalowe pansi pake. A Nyirenda analemba lipoti losabisa kanthu, n'kunenamo kuti iwo anaganiza za thumbo ndipo namwino anaona zina. Anandipempha kuti ndiziphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi. Ndinayenda ndi katoni yanga m'madooko ambiri mpaka tsiku lopuma ntchito, kuonetsa anthu kangaude woti azimusiya ndi woti azimuopa. Dzina lija linamera pamenepo, ndipo sindichita nalo manyazi.

Za Aginesi ndazisiyira kumapeto chifukwa ndi zimene zimandivuta kulemba. Anafika ku Salima ali moyo ndipo anamuchita opaleshoni. Iye anapulumuka. Mwana, wamwamuna, sanapulumuke. Palibe angandiuze ngati theka la ola lija likanasintha kanthu, koma ndakhala ndikuliganizira zaka zonsezi. Ndikanangomunyamula poyamba pomwe, osayamba kufotokozera amuna aja.

Patatha masabata asanu ndi limodzi anabwera kudzaonetsa bala. Anali ataonda, akuyenda pang'onopang'ono. Nditatseka chitseko ndinamuuza kuti, "Aginesi, tsiku lija tinakuchedwetsa. Ndikupepesa."

"Anesi, zenera la chipinda chimene ndinagona linali lotsegula," anatero. "Ndinamva zonse. Ndinamva akunena kuti mayiyo adikire, ndipo ndinayamba kuwauza amayi anga za amene adzalere mwana wanga wamkulu. Kenako ndinamva inu mukukana."

Iye anamasula chitenje, n'kugona pa bedi, n'kunena kuti, "Taonani balali, kumanzereku kukumayabwa."

Ndinasamba m'manja n'kuliona. Linali likupola bwino.